Bawo la mayiko: malamulo ake amasintha liti, nanga amawasintha ndani?

Agogo anga aamuna, kuno ku Angónia m'chigawo cha Tete ku Mozambique, adatisiyira chitini cha fodya chodzaza ndalama zosagula kanthu. Muli ma escudo a nthawi ya Apwitikizi. Muli ma meticais akale a maziro ambirimbiri aja, amene adachotsedwa mu 2006. Mulinso makobidi a ku Malawi okhala ndi mutu wa Kamuzu, amene adabwera nawo pochokera ku Dedza kothawa nkhondo. Munda wawo udali womwewo, phiri la Dómuè lomwelo, koma mbendera, ndalama ndi woitanitsa msonkho zinkasintha iwo akuona.

Chitinichi ndachikumbuka sabata yatha mu chapa yopita ku Tete kuchokera ku Ulónguè. Abambo awiri adagwirana pakamwa chifukwa cha nkhani ya pa wailesi. Wina adati, "Achimwene, za dola zatha basi. BRICS yafika, America wagwa." Ankanena za gulu la mayiko la Brazil, Russia, India, China, South Africa ndi ena. Mnzake, amene matumba ake a mbatatesi adali kumbuyo, adaseka: "Iyayi bambo, zimenezo n'zapakamwa. Pitani mukafunse mtengo wa feteleza. Mwini sitolo ayamba waona kaye dola kuti yagona bwanji."

Palibe adanama pa awiriwa. Vuto n'loti mawu akuti "dziko lasintha" timawanena pa zinthu zosiyana msinkhu kwambiri.

Kusintha kulipo kwamitundumitundu

Taganizirani bawo pansi pa mtengo wa mango. Timiyala tikusuntha, uyu wadya, uyo wadyedwa, oonerera akukuwa. Pa ndale za mayiko, zimenezi ndi za tsiku ndi tsiku: mapangano a malonda, kazembe kuthamangitsidwa, pulezidenti watsopano, ubwenzi kuzilala. Nkhani zambiri za pa wailesi ndi za mtundu umenewu.

Tsiku lina katswiri amene wakhala akudya aliyense kwa zaka amagonja, ndipo womugonjetsayo amati, "Kuyambira lero tizisewera motere." Apa bawo ndi lomwelo, koma mwini mawu wasintha. Ndiye pali kusintha kwina kosowa kwambiri: bawo lenilenilo kunyamulidwa, pabwalo n'kubwera masewera ena ndi osewera ena. Katswiri wina wa ku America, Robert Gilpin, adasiyanitsa magawo atatuwa mu 1981, ndipo ambiri ophunzira za ubale wa mayiko amayambira pomwepo.

Choncho mukamva nkhani yaikulu, funsani izi. Kodi owerengedwa ngati osewera asintha? Mawu omaliza ali ndi yani? Nanga pali chinthu chimene dzulo chidali chololedwa koma lero n'chamanyazi? Ngati palibe chasuntha pa zimenezi, ndiye kuti ndi timiyala chabe tikuyenda.

Malire ndi mbendera: chimanga chidafika kale, izi pambuyo

Lero timaona ngati n'chibadwa kuti dziko likhale ndi malire ojambulidwa pamapu, boma limodzi, ndipo wakunja asalowerere za mkati mwake. Umenewu ndiwo ufulu wodzilamulira, umene pa Chipwitikizi amati soberania. Uli ngati mpanda wa pakhomo. Za kuseri kwa mpanda n'za mwini khomo ngakhale asauke chotani, ndipo wolemera woyandikana naye sayenera kulowa popanda odi.

Makolo athu sankalamulidwa motero. Mu ufumu wa Maravi, Kalonga, Undi ndi Lundu ankalamulira anthu, osati mizere. Undi, amene likulu lake lidali ku Mano m'chigawo chathu chomwe chino, mphamvu yake inkaonekera pa mitulo, monga mnyanga wogunda pansi njovu ikaphedwa. Kumene mtulo unkalekezera, ufumu unkatheranso komweko, ndipo malo amenewo ankafutukuka kapena kubwerera malinga ndi nyonga za mfumu. Apwitikizi adakhazikika ku Tete m'zaka za m'ma 1500, koma kwa zaka zoposa 300 adali amodzi chabe mwa osewera ambiri m'chigwa cha Zambezi, pamodzi ndi eni minda ikuluikulu yotchedwa ma prazo ndi asilikali awo Achikunda, mafumu a Achewa, kenako Angoni a Maseko amene adadzakhala ku Dómuè m'zaka za m'ma 1800.

Dongosolo la malire olimba lidakulira ku Ulaya. Ambiri amatchula chaka cha 1648, pamene mapangano a ku Westphalia adathetsa nkhondo ya zaka 30, ngakhale olemba mbiri ena amati chakachi chimatamandidwa mopyola muyeso ndipo zinthu zidayenda pang'onopang'ono. Chimene chidafikitsa dongosololi kwathu ndi zida: sitima za nthunzi zokwera mitsinje, kwinini wogonjetsa malungo, ndi mfuti zachiwaya. Mu 1884 ndi 1885 mayiko 14 adakhala pansi ku Berlin, popanda mfumu ngakhale imodzi ya mu Africa. Anthu amakonda kunena kuti malire onse adajambulidwa pamsonkhanowo. Ayi ndithu. Pamenepo adangogwirizana malamulo a kalandidwe, ndipo mizere idadza pambuyo, mayiko awiriawiri akukangana.

Wathu mzere udadza motere. Portugal inkafuna dera lonse kuchokera ku Angola mpaka ku Mozambique, ndipo idalipaka mtundu wa pinki pamapu ake. Britain idakana, ndipo mu Januwale 1890 idalamula Portugal kuchotsa asilikali ake kumapiri a Shire ndi ku Mashonaland. Wamng'ono adagonja. Pangano la mu Juni 1891 lidaika malire, ndipo cha kuno mzerewo udatsata msana wa mapiri pamene madzi a mvula amagawikana. N'chifukwa chake pa Lizulu mayi wosenza dengu la tomato akangodumpha msewu ndiye kuti watuluka m'dziko. N'chifukwa chakenso mwezi wa Ogasiti Achewa a ku Mozambique ndi ku Malawi amafunika mapepala kuti akafike ku Mkaika, ku Katete ku Zambia, kukalamba kwa Gawa Undi wawo yemwe. Uku ndiko kunyamulidwa kwa bawo: mafumu adasiya kuwerengedwa ngati osewera pakati pa mayiko.

Chodabwitsa n'choti atsamunda atachoka, mizere yawo idatsala. Mu 1964 ku Cairo atsogoleri a mu Africa adagwirizana kulemekeza malire amene adawapeza, poopa kuti kuwafukula kungabale nkhondo zosatha. Eritrea mu 1993 ndi South Sudan mu 2011 ndi zitsanzo zochepa za mizere yatsopano.

Mphamvu ikasamuka, mipando n'kutsala pomwepo

Mphamvu ya dziko ndi chuma chake, asilikali, luso ndi kuchuluka kwa anthu. Malamulo a pakati pa mayiko amalembedwa ndi amphamvu a nthawiyo, kawirikawiri nkhondo yaikulu itangotha. Koma mphamvu sizikula mofanana.

Zili ngati abale amene adagawana minda malume awo atamwalira. Wamkulu adatenga dimba la m'mbali mwa mtsinje, wamng'ono n'kupatsidwa kamtunda. Patha zaka 30. Wamng'ono uja tsopano ali ndi ng'ombe, ngolo ndi ana khumi, pamene wamkulu wakalamba koma dimba akadali nalo. Mwina akhala pabwalo n'kugawananso, apo ayi tsiku lina makasu adzasanduka zida. Wamng'ono akuona kuti akuponderezedwa, wamkulu akuopa kulandidwa, ndipo mantha a wamkuluyo ndi oopsa chimodzimodzi ndi dyera la wamng'ono. Thucydides, wolemba mbiri wa ku Greece wakale, adanena zomwezo za nkhondo ya Athens ndi Sparta: kukula kwa wina ndi mantha a mnzake.

Dongosolo limene tikukhalamo lidabadwa motero. Nkhondo ziwiri zikuluzikulu, ya 1914 mpaka 1918 ndi ya 1939 mpaka 1945, zidasiya Ulaya ali gada, America ndi Soviet Union n'kutsala pamwamba. Mu 1944 ku Bretton Woods adakhazikitsa IMF ndi World Bank, mabungwe obwereketsa ndalama kumayiko, dola n'kukhala mzati wa malonda a dziko lonse. Mu 1945 bungwe la United Nations, ONU pa Chipwitikizi, lidayamba ndi mayiko 51. A mu Africa adalimo anayi okha: Egypt, Ethiopia, Liberia ndi South Africa. Opambana nkhondo asanu, America, Britain, France, Soviet Union ndi China, adadzipatsa mipando yosachoka m'komiti yoona za chitetezo, aliyense ndi veto, kutanthauza kuti mmodzi akati toto, nkhani yafera pomwepo. Lero mamembala ndi 193, a mu Africa 54, koma mipando isanu ija ili momwemo.

Sikuti nthawi zonse zimathera m'magazi. Britain idasiyira America utsogoleri popanda awiriwa kuwomberana. Ndipo chiyambire 1945 mabomba a nyukiliya achititsa kuti akuluakulu aziganiza kawiri, chifukwa nkhondo yotero ilibe wopambana wodzalemba malamulo.

Anthu akasiya kuvomereza

Mfuti pazokha sizifotokoza zonse. Palinso kuvomerezeka: kuti olamulidwa, ndi oonerera omwe, aziona kuti ulamuliro uli m'malo mwake. Mfumu ya m'mudzi ilibe apolisi. Mphamvu yake ili poti ikaitana anthu amabwera pabwalo. Tsiku limene iitana anthu n'kumangopitiriza kupalira, ufumu watha ngakhale chisoti chikadali kumutu.

Mu 1900 kukhala ndi maiko a utsamunda chidali chonyaditsa ku Ulaya. Pofika 1960 chidasanduka chamanyazi. M'chaka chimenecho mayiko 17 a mu Africa adalandira ufulu, ndipo mu Disembala United Nations idalengeza kuti utsamunda uthe. Asilikali a ku Britain ndi France sadafooke mwadzidzidzi kuposa a mu Africa. Chidasintha ndi mtengo wa kulamulira anthu okana, komanso nkhope imene wolamulirayo ankaoneka nayo pamaso pa anzake.

Portugal idayesa kuzemba. Mu 1951 boma la Salazar lidasintha dzina, n'kumati kulibe makoloni, kuli zigawo za Portugal za kutsidya kwa nyanja. Malawi ndi Zambia atalandira ufulu mu 1964, ku Mozambique kuno chaka chomwecho nkhondo inkangoyamba kumene. Frelimo idatsegula nkhondo m'chigawo cha Tete mu 1968, ndipo chaka chotsatira ntchito yomanga damu la Cahora Bassa idayamba. Damulo silidali la magetsi okha. Lidalinso chikhomo chouza dziko lonse kuti Portugal sichoka, ndipo magetsi ake adalunjika ku South Africa wa tsankho.

Mu Disembala 1972 asilikali a Portugal adapha anthu wamba mazanamazana ku Wiriyamu, kufupi ndi mzinda wa Tete. Zaka 70 m'mbuyo mwake, nkhani yotere ikadathera m'tchire momwemo. Koma ansembe adaisonkhanitsa, ndipo mu Julaye 1973 idatuluka m'nyuzipepala ya The Times ku London, masiku ochepa mtsogoleri wa Portugal, Marcelo Caetano, asanafike kumeneko. Mudzi wa m'chigawo chathu udachititsa manyazi boma la ku Lisbon pamaso pa abwenzi ake omwe. Pa 25 Epulo 1974 asilikali a Portugal, atatopa ndi nkhondo zitatu za mu Africa, adagwetsa boma lawo. Pa 7 Seputembala adasainirana ndi Frelimo ku Lusaka, ndipo pa 25 Juni 1975 mbendera idatsika. Nkhokwe imagwa tsiku limodzi, ndipo odutsa amati yagwa ndi mphepo, koma mwini wake amadziwa kuti chiswe chidalowa m'mizati kalekale.

Onani kuti mbendera idasintha msanga kuposa chuma. Cahora Bassa idakhalabe m'manja mwa Portugal, ndi magawo 82 pa 100, mpaka mu Novembala 2007 pamene Mozambique idatenga magawo 85.

Kugwa kopanda nkhondo: 1989 mpaka 1994

Kuyambira 1945 dziko lidali ndi mitu iwiri, America ndi Soviet Union, iliyonse ndi otsatira ake ndi chiphunzitso chake cha chuma. Mkanganowu amautcha Guerra Fria, nkhondo yozizira, chifukwa eni ake sadawomberane. Dzinalo adalipereka ndi anthu amene sadakwerepo galimoto ya mumdipiti woperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe kuchokera ku Nyamapanda kudzera pa Tete mpaka ku Zóbuè.

Boma la Frelimo lidatsata Marxism-Leninism, chiphunzitso cha Soviet Union, kuyambira 1977 ndipo linkalandira zida ku Soviet Union. Renamo idathandizidwa ndi Rhodesia, kenako ndi South Africa. Koma kungakhale kunama kunena kuti zonse zidachokera kunja. Midzi yokakamiza, kunyozedwa kwa mafumu ndi madandaulo ena a kumudzi zidapatsa nkhondo nkhuni, ndipo akatswiri mpaka lero amatsutsana kuti chachikulu chidali chiti. Chosatsutsika n'choti anthu oposa miliyoni imodzi adathawira ku Malawi, agogo anga ali m'gulu.

Kenako mutu umodzi udagwa wokha. Chuma cha Soviet Union chidatopa, Mikhail Gorbachev adayamba kusintha zinthu kuyambira 1985, khoma la Berlin lidagumulidwa mu Novembala 1989, ndipo mu Disembala 1991 Soviet Union idatha. Akatswiri ochepa kwambiri ndiwo adaziona zikubwera. Amene amakhulupirira kuti mphamvu ndiyo zonse amati chuma ndicho chidagwetsa. Amene amaika maganizo patsogolo amati atsogoleri adasiya kukhulupirira chiphunzitso chawo, ndipo adakana kuwombera anthu awo. Ine ndimaona kuti ziwirizi n'zovuta kuzilekanitsa.

Kwathu chiswe chidali chitalowa kale. Mozambique idasaina pangano la Nkomati losaputana ndi South Africa mu 1984, idalowa IMF ndi World Bank chaka chomwecho, ndipo Frelimo idasiya Marxism-Leninism mu Julaye 1989, khoma lija lisanagwe. Koma taonani mmene zinthu zidathamangira pambuyo pake: Mandela kutuluka m'ndende mu 1990, malamulo atsopano olola zipani zambiri ku Mozambique chaka chomwecho, Kaunda kugonja pa chisankho mu 1991, Chissano ndi Dhlakama kusaina mtendere ku Rome pa 4 Okutobala 1992, Amalawi kuvotera zipani zambiri mu Juni 1993, kenako zisankho ku South Africa, Malawi ndi Mozambique zonse mu 1994. Mayiko osiyana, mbiri zosiyana, zaka zisanu zokha. Zikagwirizana chonchi, dziwani kuti si timiyala chabe.

Malasha a ku Moatize ndi msika wakutali

Kusintha kwina kulibe tsiku loti n'kuliloza. Kumabwera ndi malonda ndi luso. China idalowa m'bungwe la malonda la WTO mu 2001, ndipo pofika 2010 chuma chake chidaposa cha Japan n'kukhala chachiwiri padziko lonse. Njala ya zitsulo ku Asia idakweza mtengo wa malasha, ndipo malasha a ku Moatize, amene ankadziwika kuyambira kale, adasanduka chuma chothamangira. Kampani ya Vale ya ku Brazil idapatsidwa mgodi mu 2004, idayamba kutumiza malasha mu 2011, ndipo njanji ya makilomita 912 idalumikiza Moatize ndi Nacala kudutsa m'Malawi. Mzinda wa Tete udadzaza alendo, lendi idakwera, midzi ina idasamutsidwa. Walira mvula walira matope.

Kenako mphepo ina idawomba. Mayiko adagwirizana ku Paris mu 2015 zochepetsa utsi wotenthetsa dziko, mabanki ambiri a ku Ulaya adayamba kunyansidwa ndi malasha, ndipo mu 2021 Vale idalengeza kuti ikuchoka. Mgodi udagulidwa ndi Vulcan, ya eni ake a ku India. Wogula woyamba wa ku Brazil, wachiwiri wa ku India: zaka 50 zapitazo palibe akadaganiza kuti mayina angakhale amenewa.

Zimene sizinayankhidwe

Tibwerere mu chapa muja. Kodi zimene tikuona lero ndi kusintha kwa mwini mawu, kapena phokoso la oonerera?

Abambo a BRICS aja ali ndi umboni. Gululi lidayamba kukumana mu 2009, South Africa idalowa pambuyo pake, ndipo mu 2024 lidalandira Egypt, Ethiopia, Iran ndi United Arab Emirates. Mu 2023 African Union idapatsidwa mpando mu G20, gulu la mayiko a chuma chachikulu. Abambo a mbatatesi nawonso ali ndi wawo. BRICS ilibe ndalama yakeyake, India ndi China amakangana malire, ndipo mafuta ndi feteleza zikugulidwabe kwambiri pa dola. Kodi gulu logwirizana pa zimene silikufuna lingagwirizanenso pa zimene likufuna?

Funso lachiwiri ndi la mpanda uja. Russia italowa mu Ukraine mu Febuluwale 2022, mayiko 141 adadzudzula ku United Nations. Malawi ndi Zambia adali m'gululo, Mozambique idakhala pakati. Ena amati lamulo loletsa kulanda dziko la mnzako lidaonetsa mphamvu pamenepo. Ena amakumbutsa za kulowa kwa America mu Iraq mu 2003 n'kumati lamulolo lakhala likugwira ang'onoang'ono okha. Ngati lingafooke ndithu, mayiko opanda asilikali ambiri ngati athu adzatchinjirizidwa ndi chiyani?

Chachitatu, mipando isanu ija. Kuyambira 2005, pa mgwirizano wa Ezulwini, Africa ikupempha mipando iwiri yosachoka yokhala ndi veto. Mozambique idakhalako m'komitiyo mu 2023 ndi 2024, koma pampando wa alendo. Kusintha malamulo a bungweli kumafuna chilolezo cha asanu omwewo. Kale mipando yotere inkagawidwanso nkhondo yaikulu itatha. Kodi ingagawidwe pabwalo, popanda maliro?

Palinso funso limene ambiri sadaliyembekezere. Kumayambiriro kwa 2025 America idaimitsa thandizo lake lambiri lakunja, kenako bungwe lake lopereka thandizolo, USAID, n'kutsekedwa, ndipo mapologalamu a zaumoyo m'mayiko athu adagwedezeka. Ophunzira ankadikira kuti wamng'ono adzalande dimba. Nanga wamkulu akalitaya yekha, ponena kuti likumudyera zambiri, alilime ndani? China ikufuna udindo umenewo, kapena ikufuna malonda okha? Ndipo ngati sipadzakhalanso mutu umodzi kapena iwiri koma ingapo, kodi mlimi wa ku Tsangano adzapeza ogula ambiri opikisana pa mbewu zake, kapena mabwana ambiri oti aziwagwadira?